Kamera Imene Anandiletsa Kugula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera kukwaya. Nditalemba mayeso a folomu 4 ndinkangokhala kwathu ku Malomo, mpaka mayi wina woimba naye anandiuza kuti alamu ake, a Mbewe, akufuna mtsikana wothandiza pa situdiyo yawo yojambula zithunzi pa boma la Dowa.

Poyamba ndinkangodula zithunzi za pa ziphaso ndi kupukuta malenzi ndi kansalu kofewa. Kenako a Mbewe anayamba kundigwiritsa kamera. Anandiphunzitsa kuika fokasi padiso osati pamphuno kuti maso asaoneke mwachimbuuzi, kuloza fulashi kudenga kuti nkhope zisayere mbuu, ndi kusasintha lenzi pafumbi. Ndinkawatchula kuti bambo, ndipo sikunali kungolemekeza chabe.

Nditayamba kupeza timaphwando tangatanga Loweruka, kakamera kanga kakale kanayamba kundichititsa manyazi. Ndikajambula m'nyumba, zithunzi zinkatuluka ngati zawazidwa mchenga. Ndinapempha a Mbewe andiperekeze ku Lilongwe ndikasankhe ina.

M'sitolo ya makamera ogwirapo kale ntchito ndinatsala ndi awiri a mtengo wofanana. Ina inali yamakono, yapulasitiki, yopepuka, mamegapikiselo ambiri, sikirini yotembenuka. Inayo inali yakale, yachitsulo, yolemera ngati njerwa, utoto utasupuka pakona pafupi ndi lamba. Koma kachitseko ka batire kanali ndi mphira yotchinga madzi, inkalowa memori khadi ziwiri, ndipo nditailoza kumdima kuseri kwa kauntala, fokasi inagwira nthawi yomweyo. Yapulasitiki ija inkayamba yasakasaka kaye.

"Bambo, mtima wanga uli pa iyi," ndinatero.

Anaitembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu. "Iyi yatopa, mwana wanga. Sichedwa kukufera m'manja. Tenga yamakonoyo."

Ndinatenga.

Ukwati waukulu woyamba kuujambula unali wa mwana wa aphunzitsi ena kumapiri a Ntchisi, m'nyengo ya mvula. Ntchitoyo ndinaipeza ndekha, koma a Mbewe anati abwera kudzandilimbitsa mtima. Kunali chifunga ndi mvula yowaza. Ndinajambula akwati akutsika m'galimoto, kamera nditaifunditsa chitenje, komabe inanyowa. M'tchalitchi munali mdima, mazenera ang'onoang'ono, magetsi atazima. Fokasi inkangopita n'kubwera. Abusa atati avekane mphete, ndinadina batani, sikirini inaphethira n'kuzima. Ndinachotsa batire, kulipukuta, kulibwezera. Zii.

Ndinatembenuka kuyang'ana a Mbewe. Iwo anatsegula chikwama chawo mosafulumira n'kutulutsa kamera. Yachitsulo, utoto wosupuka pakona pafupi ndi lamba. Anandidutsa n'kukagwada kutsogolo, ndipo ndinaimva ikulira tcha tcha tcha mumdima womwewo.

Titatuluka, mayi a mkwatibwi anandipeza nkhope itagwa. "Nanga zithunzi za mwana wanga?"

"Musade nkhawa mayi, zonse ndagwira ine," anayankha a Mbewe. "Mtsikanayu ndinamuuza kuti asagule kachidole aka, koma ana amakono samva."

Ananena zimenezo ine ndili chilili pomwepo, anthu akundiyang'ana. Ku madyerero ndinawanyamulira chikwama ngati kale.

Pobwerera, mu minibasi, ndinawafunsa kuti kamera yachitsulo ija anaigula liti.

"Mawa lake," anatero akuyang'ana pazenera. "Ukanaigula iwe, makasitomala anga akanatsala angati?"

Bodzalo ndikanawakhululukira mwina. Chimene chinandiwawa n'chakuti sanachite nazo manyazi, ndipo anakwera nane mapiri onse aja akudziwa chimene chili m'chikwama.

Ku situdiyo sindinabwerereko. Mabanja a dera lija anapitiriza kuitana a Mbewe, ndipo dzina langa linali "uja kamera inamuzimira pa mphete". Kamerayo inauma n'kuyakanso, ndipo ndinavutika nayo pojambula masana okhaokha, ana a sukulu ndi matimu a mpira, mpaka ndinakwanitsa kusintha.

Lero ndili ndi kasitudiyo kanga pa boma la Ntchisi. Ndikafuna kamera, manambala a pabokosi ndimawaona pomaliza. Ndimatsegula tizitseko tonse kuona mphira, ndimaiyesa pakona yamdima, ndimadina mabatani kumva ngati akugwedera. Atsikana amene ndimawaphunzitsa ndimawaperekeza kusitolo. Akandifunsa kuti asankhe iti, ndimawaonetsa poyang'ana, n'kutuluka kukawadikira panja.