Chiboola ndi Disiki ya Mng'ono Wake

Pansi pa masitepe a nyumba ina ya masitolo pali kachipinda kopanda zenera, ndipo m'menemo ndi momwe Chiboola wamerera imvi. Anayamba ndi mawailesi ali mnyamata, mpaka manja ake anazolowera malaputopu. Munthu akabwera ndi laputopu yodzaza, yoyenda ngati yatopa, iye amaitsegula kumimba, kuchotsa disiki yakale, ndi kukopera zonse pa yatsopano, yaikulu ndi yothamanga. Masiku amenewo akamaliza ankaika yakaleyo pathabwa ndi kuiboola ndi makina, mwini wake akuona. Dzina lake linachokera pamenepo.

"Kuti muzigona tulo," ankatero. "Za m'nyumba mwanu zisakapezeke pamsika."

Anali ndi lamulo linanso: za mwini satsegula, kaya ndi chithunzi, kaya ndi nyimbo. Wokonza mafoni wa khomo loyandikana ankamuseka. "Inu mukanakhala dokotala, bwenzi mukung'amba anthu mutatsinzina!"

"Diso likaona, pakamwa sipachedwa," ankayankha Chiboola.

Mng'ono wake anali woyendetsa lole. Awiriwa anali asanalankhulane bwino chikanganirane pa maliro a mayi awo, ndipo ngozi ya pamsewu inamutenga mng'onoyo nkhani isanathe. Anasiya mkazi, mwana wamkazi mmodzi, ndi laputopu. Mwanayo atasankhidwa kupita ku koleji, mayi ake anabweretsa laputopuyo ataikulunga m'nsalu.

"Alamu, chinthu ichi kuti chiyake mumachita kuchipembedza. Mwana akachita nacho manyazi."

"Chatengera mwini wake. Nayenso kudzuka inali nkhondo."

Anaseka onse awiri.

Chiboola anamasula tizitsulo ta kumimba mosamala, ngati akusambitsa khanda. Atalumikiza disiki yakaleyo anaona kuti inagawidwa zipinda ziwiri, chachikulu ndi kena kakang'ono kopanda dzina. Tizipinda totere kawirikawiri timasunga za kufakitale, zopanda ntchito. Kuti atsimikize anayenera kukatsegula. Chala chinafika pabatani, koma anachibweza. Mng'ono wake anali munthu wa m'maulendo. Nanga akanapezamo zosauzika, mlamu wake akanamuyang'ana bwanji kumaso? Anakopera chipinda chachikulu chokha.

"Taonani, alamu, zonse zilimo?"

Mayiyo anaona zithunzi za ukwati ndi za mwana ali wakhanda, nagwedeza mutu. Chiboola anatenga makina ake. Kachitsulo kanalira, kanalowa, kanatulukira kuseri.

Loweruka lake mwana uja anabwera yekha ndi laputopu ija, nkhope ili ngwee.

"Bambo aakulu, ikuthamanga ngati yaba! Koma mawu a ababa mwawaika pati?"

"Mawu ati?"

Mwanayo anafotokoza. Bambo ake akamadikira katundu kutali, ankadzijambula mawu pafoni. Ankamulangiza, kumuyimbira nyimbo mosokoneza, ndi kusimba za ubwana wawo. Akabwera kunyumba ankasamutsira zonse mu kachipinda kaja, ndipo foniyo inaphwanyikira pangozi. Mwanayo anali atamverako zochepa chabe. Zotsalazo ankazisungira ku koleji, kuti akazidye pang'onopang'ono kusungulumwa kukamugwira.

"Nkhani ina anaitcha ‘Za achimwene anga’. Ndimati tidzamvere limodzi."

Chiboola anagwada pa ndowa ya zotaya, nafukula mpaka anaipeza disiki ija. Ataikweza, kuwala kwa babu kunadutsa pabowo. Ntchito anaigwira bwino monga mwa masiku onse. Anayenda nayo kwa anzake okhala ndi makina oposa ake, ndipo aliyense akaona bowolo ankangomubwezera osaiyesa n'komwe.

Mwanayo sanamunene. Anangoti, "Simunadziwe, bambo," natenga laputopu yake. Akanamutukwana, mwina zikanapepuka.

Chiboola akadali pansi pa masitepe pomwepo. Za eni satsegulabe, koma tsopano amamukhazika mwini pampando kuti atsegule yekha chipinda chilichonse, ngakhale kooneka kopanda pake. Disiki yakale amaikulunga m'pepala ndi kumupatsa m'manja.

"Kasungeni. Tsiku lomwe mudzatsimikize, mudzabwere tidzaboole."

Sanabwerepo ndi mmodzi yemwe. Makina oboolera aja ali pamsomali, achita dzimbiri, ndipo wokonza mafoni amati dzinalo alibweze kwa eni ake. Chiboola amangopitiriza ntchito yake. Disiki ya mng'ono wake ili mu dirowa, pamodzi ndi magalasi ake owerengera. Kaya anamukhululukira m'menemo, kaya anamunyoza, kaya anangokumbukira tsiku lina ali ana, iye sadziwa, ndipo palibe woti angamufunse.