Galimoto Yanga Ili M'makomo mwa Anthu

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe tinavotera zipani zambiri koyamba. Anthu ankavina m'misewu kuti zinthu zasintha, koma pa galaja ina ku Dwangwa, pomwe ndinali makaniko, bwana anandiuza kuti malo anga wapatsa mlamu wake. Ndinaika masipanala anga m'thumba la feteleza, ndinakatsanzika amayi ndi achimwene anga aakulu, a Jafali, kwathu ku Benga, n'kukwera thiraki.

Ku Joni ndinapeza ntchito kwa mzungu wina wokalamba wokonza magalimoto akale. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Mwezi unkatha osayankhula Chichewa ndi munthu, mpaka ndinayamba kucheza ndi mainjini. Mapepala ndinalibe, ndiye ndikaona galimoto ya apolisi ndinkathamangira kukabisala.

Pakona ya galajayo panali galimoto yophwasulidwa, zipangizo zake zili m'makatoni. Inali yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga, yopangidwa ku Mangalande ine ndisanabadwe. Tsiku lina mkulu uja anandipeza ndikupukuta chiwongolero chake. Anati, "Twaibu, ine maso atha. Ukaimanga, ndi yako."

Chibadwire sindinakhalepo ndi chinthu changachanga kupatula masipanala aja, ngakhale njinga. Lamlungu lililonse ndinkayenda wapansi m'malo ogulitsa zitsulo zakutha, kufunafuna zomwe zinkasowa. Giyabokosi inanditengera miyezi isanu ndi itatu. Kunali madala ena okonda magalimoto otere omwe ankakumana pa bwalo lina kamodzi pamwezi. Poyamba ankandiyesa wotsuka magalimoto. Mmwenye wina mwa iwo ndiye anandibwereka buku lake long'ambika, n'kundiphunzitsa kutchuna makabuleta awiri pomvetsera ndi kapaipi kukhutu, mpaka onse apumire limodzi. Tsiku lomwe injini inalira ndinakhala pansi pa simenti, misozi ili chuchuchu.

Mantha ndi omwe anandipusitsa. Ndinkaopa kuti apolisi akandigwira adzandithamangitsa chimanjamanja, choncho chipangizo chilichonse cha galimotoyo chomwe ndamaliza kukonza ndinkachitumiza kumudzi kudzera kwa dalaivala wa thiraki. M'kalata iliyonse ndinkalemba kuti, "Achimwene, chonde musatsegule." Iwo ankayankha kuti, "Zonse zili m'chipinda, palibe wakhudza. Koma nyumba ya amayi ikudontha." Ndinkatumiza ndalama za malata. Ndinkatumiza za feteleza, za maliro, za Idi. Ine ndikudya buledi ndi madzi a shuga.

Patatha zaka zisanu ndinabwerera. Pa boma la Nkhotakota ndinakwera matola, kapikapu kakutha kodzaza matumba a mpunga ndi madengu a usipa. Dalaivala atangoliza injini, ndinaizindikira. Mayi sasokoneza kulira kwa mwana wake ndi kwa mwana wa eni. Ndinamenya denga kuti aime, ndinadumpha, ndinatsegula boneti. Makabuleta anga awiri anali pomwepo, atamangidwa ndi waya, mafuta akuda akuchucha paliponse.

"Injini iyi waitenga kuti?"

"Ndi ya bwana Jafali," anatero dalaivala. "Anawatumizira mng'ono wawo wa ku Joni. Imamwa petulo ngati chidakwa, koma imathamanga!"

Kunyumba ndinapeza chipinda chili mbee. Matayala anali pa ngolo ya amalume. Mipando yachikopa, yomwe ndinasoka ndekha ndi singano, inali pakhonde la wapampando wa chipani, chifukwa achimwene ankafuna udindo. Galasi lakutsogolo linali zenera la golosale. Chigoba chofiira chija chinali kuseri kwa khitchini, abakha akuikiramo mazira.

Ndinakuwa mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo. Mawa lake amalume anaitanitsa banja lonse, ndipo ndinkayesa kuti achimwene apepesa. Ayi ndithu. Wozengedwa mlandu ndinali ine.

"Galimoto ya anthu awiri?" anatero amalume. "Mtundu wonsewu tikwera pati? Kumeneko ndi kudzikonda, mphwanga."

Achimwene anangoti, "Zitsulo zinkangochita dzimbiri. Matola amenewa ndi omwe akudyetsa amayi athu."

"Nanga zomwe ndinkatumiza zinkadyetsa ndani? Bwanji munkandinamiza m'makalata?"

Ndinayang'ana amayi. Iwo anayang'ana pansi, n'kunena motsitsa kuti, "Tinkati sudzabweranso, mwanangu. Opita ku Joni ambiri sabwera."

Mawu amenewo amandiwotcha mpaka lero. Wallahi, ndikulumbira, ndikanakonda akanandiuza kuti anandibera.

Tsiku lomwelo masana ndinatenga masipanala, ndinatsitsa injini yanga anthu akuonerera, kapikapu n'kukasiya pa njerwa. Kuyambira pamenepo achimwene sandipatsa moni, ngakhale ku mzikiti. Pa msika amandiloza kuti uyo ndi uja anapha matola a m'bale wake.

Pano ndamanga kashedi ka udzu pafupi ndi msewu, momwe ndaikamo injini ndi chigoba chija, ndipo ndayambiranso kusaka zipangizo monga ndinkachitira ku Joni. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno ndimagogoda m'makomo mwa abale anga, kupempha kuti andigulitse zinthu zanga zomwe. Wapampando wa chipani wakana mipando. Akuti mphatso sibwezedwa.

Ndaona kuti kwathu kuno munthu ukangokwera thiraki amakuyesa wakufa, n'kugawana zako monga amachitira pa maliro. Koma wakufa weniweni ali ndi mwayi, chifukwa samulembera kalata yopempha malata.

Sabata yatha amalume anabwera pa shedi, matayala anga awiri aja ali pa ngolo. Poyesa kuti abwera kudzandibwezera, mtima unatsika pang'ono, ndinawapatsa mpando. Anayang'ana galimotoyo mbali zonse, anakhosomola, n'kundifunsa kuti, "Kodi mphwanga, ku Joni ubwerera liti? Ukapita unditumizire matayala ena. Awa atha."