Thanki ya a Gondwe

Ndinali makanika ku Senga Bay chaka chimene aphunzitsi akumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo. A Gondwe, amene ankaphunzitsa ana anga, anabwera ndi galimoto yawo yakale kuti ndiikonzere ulendowo. Malamba awiri achitsulo ogwira thanki ya petulo anali atadyeka ndi dzimbiri.

Lamba woyamba ndinamusintha bwinobwino. Pa wachiwiri, bawuti imodzi inakaniratu. Ndinaithira oyilo, ndinaimenya ndi hamala, mpaka sipanala inandisupula chala. Ine wodzitama uja ndinangomanga ndi waya, n'kupakapo girisi kuti zisaoneke.

"Mwasintha onse awiri, a Saidi?" anafunsa.

"Onse, aphunzitsi. Wallahi, ndikulumbira."

Thanki inakagwera ku Khombedza. Ndinamva kuti a Gondwe anasiya galimotoyo pomwepo, n'kukwera basi ndi ana awo anayi, akazi awo akulira chifukwa makina awo osokera anatsala.

Patapita mwezi kunabwera kalata yochokera kwa a Gondwe: "Musadandaule, galimotoyo inali itakalamba. Zikomo, inu simunatitaye."

Sindinawayankhe. Mkazi wanga atandifunsa, ndinati adiresi yawo sinkawerengeka.