Nthambi ya Kankhande ya Mana Tomásia

Mana Tomásia, ndiye kuti achemwali a Tomásia, amagulitsa batata pafupi ndi ine pamsika ku Tete kuno, ndipo kunena kuti ndi olongolola n'kuwanyengerera. Amapatsa moni aliyense, ngakhale munthu amene wawabera dzulo. Anabadwira ku Tsangano, nkhondo inawathamangitsira ku Malawi ali mtsikana, ndipo anabwerako ndi mwamuna, a Ilídio, n'kumanga kanyumba ku Nhartanda.

A Ilídio ankagwira ntchito pamaboti a kapenta kunyanja ya Cahora Bassa. Mu 2009 mphepo inagubuduza boti lawo. Anzawo anapezeka, iwo ayi. Abale anaika thunthu la nthochi m'bokosi n'kukakwirira ku Tsangano, koma mana mtima sunakhale pansi.

"Esperança," ankandiuza, "ine ndinalira nthochi. Mwamuna wanga akadali m'madzi."

Amalume a malemuwo anawalangiza zochita. Atenge nthambi ya kankhande, apite kumene munthuyo anafera, amuitane dzina, amuuze kuti tiyeni kwathu. Akatero asayankhule ndi munthu kapena kucheuka mpaka atalowa m'nyumba, apo ayi mzimu umabwerera. Mzimu amauitana kamodzi kokha. Koma nyanja yonse ija, ndani ankadziwa pamene boti linamira? Zaka khumi ndi zisanu zinatha choncho.

Chaka chatha amayi a kwaya yathu anakonza ulendo wa ku Songo, kukakwera phiri n'kuona nyanja tili pamwamba. Mana atamva anandigwira mkono. "Ndikaima pamwambapo, kulikonse ali adzandimva. Iwe ukhale pakamwa panga pobwerera." Ndinavomera. Aliyense wowayankhula, woyankha ndinali ine.

Tinanyamuka m'mawa pa shapa, kaminibasi kathu kaja, amayi khumi ndi asanu ndi mmodzi. Patsinde pa phiri Madalena, mtsogoleri wathu, anayang'ana mapatapata amene ndinavala kumapazi.

"Mukwera ndi mashinelo amenewo?"

"Iwe, ine ndine wa ku Angónia," ndinatero. "Ndinabadwira m'phiri. Nsapato zanuzo n'za anthu a m'chigwa."

Matama! Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kudzimenya pakamwa.

Njira inali yotsetsereka, timiyala tokhatokha, dzuwa likuswa mtengo. Tinapuma kawiri pansi pa milambe. Nyimbo tinayamba nazo bwino, koma pakati pa phiri zinatha zokha. Mana, ndi maondo awo otupa aja, sanadandaule. Nthambi anaikulunga m'kapulana, chitenje chawo, n'kuigwira pachifuwa.

Titafika pamwamba tonse tinangoti kukamwa yasa. Madzi obiriwira ali phee pakati pa mapiri, kutalika kwake maso osafika. Ena anatulutsa mafoni. Mana anapita kumapeto kwa thanthwe, anagwada, n'kutambasula nthambi ija.

"A Ilídio! Ndine Tomásia. Ndachedwa, pepani. Ana anakula, mwana wathu Célio anakwatira. Tulukani m'madzimo, tiyeni kwathu."

Anadikira pang'ono, kenako anadzuka n'kutembenuka. Nkhope yawo sindinaionepo yowala choncho. Palibe amene anadya mpunga tinanyamula uja. Tinangoyamba kutsika, iwo patsogolo, ine pambuyo pawo.

Mayi wolongolola uja anakhala chete, abale. Tinakumana ndi amayi otola nkhuni, anapereka moni, ndinayankha ine. Minga inakola kapulana ya mana, ndinawonjola ine. Msewu unayamba kuoneka m'munsi, ndi shapa yathu itaima pamthunzi.

Pamenepo lamba wa shinelo yanga anaduka. Ndinaterereka, mwendo unapindika, ndinagubuduzika kulowera kuphedi ndikukuwa ngati mbuzi.

"Esperança! Mayo, Esperança!"

Anali mana. Anacheuka, anathamanga, anandigwira tsitsi ndisanapitirire. Atandikokera panjira m'pamene tonse tinaona nthambi ili pansi pafumbi. 

Ndinalira, osati chifukwa cha mwendo. Ndinawapempha kuti tibwererenso, ndikwawa ndi maondo ngati kuli kotheka. Anapukusa mutu. Anatola nthambi ija n'kuiika bwinobwino pamwala, kuloza kunyanja.

"Anabwera, ukudziwa?" anatero motsitsa mawu. "Ndinamumva kumsana kuno, kulemera ngati mwana wogona."

Bwenzi atanditukwana, mwina mtima wanga ukanapepukako. Sanatero tsiku limenelo, sanateronso mpaka lero, ndipo zimandipweteka koopsa. Anangoyang'ana bondo langa, anaona kuti sindingaponde, anamasula kapulana n'kuwerama patsogolo panga.

"Kwera," anatero. "Malo alipo tsopano."