Ndinabweza Nkhuku ya Mng'ono Wanga

Ndinakana kukhululukira mng'ono wanga mpaka anamwalira, ndipo ndinachita zimenezi ndikupemphera tsiku ndi tsiku. Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukuwira, ndipo amene ndamupsera mtima kwambiri ndi ine ndemwe.

Dziko lathu litangolandira ufulu, tchalitchi cha m'mudzi mwathu, kufupi ndi Milange, a boma latsopano anachitseka. Amuna anga anali akatekisiti, choncho Lamulungu anthu ankabwera kudzapemphera m'nyumba mwathu mobisa. Amene anakaulula kwa sekeretariyo, mkulu wa chipani m'mudzimo, ndi Felisita, mng'ono wanga wa bere limodzi. Amuna anga anawakweza lole, ati akukawaphunzitsa khalidwe latsopano. Mpaka lero sindidziwa kumene kuli manda awo.

Ndinatenga ana anga awiri n'kuwoloka mtsinje wa Muloza, malire a dziko lathu. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinathyola tiyi ku Mulanje, dengu kumsana, mvula ikundithera pathupi. Chimene chinkandilimbitsa mtima ndi lonjezo lija la m'Malemba, loti Mulungu adzasonkhanitsa anthu ake obalalika n'kuwabwezera kwawo. Koma ine ndinkalimva mondikomera: munda wa mayi anga, mitengo yanga ya mango, ndi Felisita atagwada pamaso panga akulira. Pamene pamanena zoti adzatichotsera mtima wouma n'kutipatsa watsopano ndinkangopadumpha. Ndinkati pamenepo akunena Felisita.

Zinthu zitayamba kuzizira ndinabwerera. Munda ndinaupeza wosamalika bwinobwino, malire osasunthidwa ngakhale phazi limodzi. Ankaulima ndi Felisita, ndipo anandibwezera popanda mlandu. Tsiku lachitatu anabwera ndi amalume athu, atanyamula nkhuku ndi lichero la ufa, monga timachitira kwathu munthu akamapepesa. Felisita anagwada pakhomo, ataonda ngati bango.

"Achemwali, anandiopseza kuti ndikapanda kunena anditenga ine. Ndinalakwa, landirani."

"Nkhuku? Amuna anga ndi nkhuku? Choka apa!"

Nkhuku ija ndinaiponya kunja kwa mpanda miyendo ili chimangire. Lamulungu lake ndinapita kutchalitchi, chomwe chinali chitatsegulidwanso, n'kukaimba mokweza kuposa onse kuti Mulungu wandibwezera kwathu. Ha, manyazi ake!

Patapita miyezi inayi Felisita anatumiza uthenga kawiri konse kuti chifuwa chamupanikiza, akufuna kundiona. Ndinayankha kuti ndikupalira. Ndinkapaliradi, m'munda womwewo umene iye anandisungira. Kulira kwa maliro kunandipeza khasu lili m'manja.

Titaika maliro amalume sanandinyengerere. Anandiuza pamaso pa abale onse kuti mtsinje ndinawoloka ndi miyendo yokha, mtima ndinausiya kutsidya. Zinandipweteka koopsa, koma sananame. Ukapolo wanga weniweni sunali tiyi wa ku Mulanje ayi. Unali chidani, ndipo Mulungu ananditumizira munthu wodzanditulutsamo, atanyamula nkhuku, ine n'kumupirikitsa ngati galu.

Zimene anachitira amuna anga zimandikwiyitsabe, ndipo sindidzanena kuti zinali zazing'ono. Koma inu amene munathawa kwanu, kapena amene mukudikira kuti Mulungu akubwezereni zimene munalandidwa, chonde musamawerenge lonjezo lija theka lokha ngati ine. Kubwerera kumene Mulungu amanena kumayambira mumtima. Wokulakwirani akabwera kudzagwada, mumudzutse akadali ndi mpweya.

Munda uja ndikulimabe. Chaka chilichonse umabereka bwino, ndipo ndilibe mng'ono woti ndimugawireko.