Ndakumana ndi NyaMhango kumsika

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano.

Lero ndikusankha tomato kumsika wa Mzuzu, mayi wina woyendera ndodo wandigwira dzanja. "Esinati, ndiwe kodi?" Kuyang'anitsitsa, ndi NyaMhango, mnzanga amene ndinkataipa naye makalata ku ofesi ya boma nthawi ya chipani chimodzi!

Takhala pansi n'kukumbutsana Loweruka lina tili atsikana, pomwe tinazembera kunyanja ku Chintheche osauza munthu. M'mawa umenewo kunkawomba mwera. Msodzi wina anatibwereka thabwa la bwato losweka, akuti tizigonapo chafufumimba kuti mafunde azitinyamula. Masiku amenewo mkazi sankayerekeza kuvala kabudula pagulu, koma NyaMhango anangotaya chitenje pamchenga, m'kati muli kabudula wa mchimwene wake.

Funde litandinyamula ndinapepuka ngati ndilibe thupi, thovu lili mbee mbali zonse, iye akundiimbira nthungululu kumbuyo. Sindinafune kuti lindifikitse kumtunda.

Pano maso ake akuchita khungu pang'onopang'ono. Wandiuza kuti, "Mafunde aja ndimawalota chomene. Tiye ndikawaone ndisanaleke kupenya."

Ndayankha kuti ndifunse kaye ana, koma kunena zoona mtima wanga wanyamuka kale. Inu mukuti bwanji? Iwe Yamikani mwana wanga, ungatiperekeze pagalimoto sabata ino?