Moni wanga unkathawitsa ogula mbuzi

Mwaswera bwanji abale nonse.

Lero ndikuthokoza alamu anga a Enelesi. Mukukumbuka tsamba lija ndinatsegula pa intaneti lotsatsa mbuzi zathu za ku Mikolongwe? Chitsegulireni palibe anaimbapo foni.

Masana ano tinakumana pa siteji ya Namadzi, ine n'kuwadandaulira. Iwo anatsegula tsambalo pa foni yawo. Abale, poyambira ponse moni wokhawokha! Kenako mbiri ya malemu bambo, momwe anayambira khola. Anakankha ndi chala mpaka minibasi inadzaza, nambala yanga osaoneka.

Akuti, "Alamu, pa foni munthu salowa m'nyumba, amangosuzumira pazenera. Bandulo yake ikutha inu mukadali pa moni."

Pompo anatenga foni yanga n'kulemba mizere itatu pamwamba pa tsambalo: mbuzi zilipo, tili ku Mikolongwe, imbani nambala iyi. Chithunzi anasiya chimodzi. Ndisanafike kunyumba, bambo wina wa ku Limbe waimba, akubwera mawa kudzaona atonde.

Alamu, Mulungu akudalitseni.

Koma mbiri ya bambo sindinafufute, dzanja linakana. Ndangoitsitsira pansi penipeni. Mukuti bwanji abale, ikhale pomwepo? Paja khola ndi lawo.